Sabata imodzi ndi mawindo a ku Edinburgh

Lolemba tinayambira ku Marchmont, dera lina la mzinda wa Edinburgh kuno ku Scotland, kunyumba zamiyala zija zomwe kuno amati tenement, zomangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Lifiti kulibe, ndiye galasi lililonse timakwera nalo masitepe awiriawiri, wina kutsogolo wina kumbuyo. Kwa amene simuidziwa ntchito yathu, ife sitichotsa windo lakale ayi, timangoika lina mkati mwa nyumba, felemu yopyapyala ya aluminiyamu ndi galasi lake, n'kusiya mpata wa mpweya pakati. Ndiyo secondary glazing imeneyo. Kuno nyumba zambiri zakale ndi zotetezedwa ndi lamulo, madera apakati pa mzinda a Old Town ndi New Town analowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika kusungidwa mu 1995, ndiye sungangozula windo lamatabwa n'kuika lapulasitiki, khonsolo itha kukuuza kuti ubwezeretse momwe zinalili ndi ndalama zako.

Chomwe anthu sadziwa n'choti ntchito yonse imagona pa kuyeza. Nyumba ya zaka zoposa 100 ilibe ngodya yowongoka olo imodzi, khoma linakhala pansi kalekale, ndiye m'lifupi timayeza katatu, pamwamba pakati ndi pansi, m'litali chimodzimodzi, kenako mopingasa. Windo lina Lachiwiri linasiyana mamilimita 14 pakati pa pamwamba ndi pansi, ndipo felemu ina inabwera kuchokera ku fakitale itadulidwa molakwika, tinabweza basi. Zinandiwawa chifukwa mwini nyumba anali atajomba kuntchito kuti atitsegulire.

Tsiku lomwe landikhala mumtima ndi Lachitatu. Tinapita kwa agogo ena okhala okha, tinawapeza avala jekete ndi chipewa m'nyumba mwawomwawo, hita yozimitsa, akuti bilu ya gasi kuyambira pomwe mitengo inakwera mu 2022 imawaopsa. Pa windo lililonse anayalapo thaulo loti lizimwa madzi otsika pagalasi m'mawa, thabwa lapansi litayamba kuda ndi chuku. Nditaika dzanja pomwe mbali ziwiri za windo lotsegula mokweza ndi kutsitsa (sash) zimakumana mphepo imamveka ngati wina akuuzira. Galasi limodzi lokhalokha limataya kutentha kwambiri, U-value yake, muyeso wa kutentha kothawira pawindo, imakhala cha m'ma 5, koma mukaika lachiwiri lamtundu wa low-e, lomwe limabwezera kutentha m'nyumba, n'kutseka bwino imatsika kufika cha m'ma 2, kutanthauza kuti kutentha kothawira pawindopo kwachepa kupitirira theka.

Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito ndi wakwathu komwe, anabwera kuno chaka chatha, ndipo ndi wakhama kwabasi. Ndinangotembenuka kukatenga masikuluu, pobwera ndapeza wanyamula mfuti ya silikoni akufuna kumata windo lakale lija mbali zonse. Ndinati aise ima kaye. Akuti, "Achimwene, si ndiye pomwe pakulowa mphepo apa?" Zoona pakulowa mphepo, koma taona, mpweya wa m'nyumba ndi wofunda ndipo uli ndi chinyezi cha kuphika, kusamba, zovala zoyanika mkati, ngakhale kupuma kwathu komwe. Mpweya umenewo ukalowa mumpatamo n'kukhudza galasi lozizira lakunja umasanduka madzi, ndipo ngati kunjako wamata ndiye madziwo atulukira kuti? Angokhala momwemo, thabwa liwole. Lamulo lake ndi loti lamkati litseke ndithu osadutsa kanthu, lakunja lisiyidwe kuti lizipumako pang'ono. Anagwedeza mutu n'kuika silikoni pansi, ndipo windo lachitatu anachita yekha ine ndikungoyang'ana levulo.

Agogowo ali ndi ma shutter amatabwa akale amkati omwe amapindikira m'mbali mwa khoma, ndipo amagwirabe ntchito. Makasitomala ena amati chotsani zikutchinga, ine ndimakana, chifukwa ma shutter otseka usiku nawonso amasunga kutentha kwambiri. Tinaika felemu yathu pafupi ndi windo lakale kuti azitsekabe bwinobwino. Mpata unachepa, koma pa nkhani ya kuzizira mpata waung'ono ndi wokwanira. Pobowola ndinauza mnyamata uja avale masiki, penti ya m'nyumba zakale izi nthawi zambiri imakhala ndi mtovu ndipo fumbi lake si lopuma.

Lachinayi kunali kwina, fulati ya pamsewu wa Leith Walk. Kumeneko vuto si kuzizira kwenikweni koma phokoso, mabasi ndi ma tram, sitima zamagetsi zoyenda mumsewu, omwe anayamba kudutsa pamenepo kupita ku Newhaven mu 2023. Pa phokoso ndiye mpata umafunika waukulu, mamilimita 100 mpaka 150 kapena kuposa, komanso galasi lamkati likhale lokhuthala mosiyana ndi lakunja kuti asamanjenjemere limodzi. Titatseka lomaliza bambo wa nyumbayo anangoima du pakati pa chipinda, tram ikudutsa pansipa iye akuimva chapatali.

Lachisanu felemu yobwezedwa ija inafika, tinakamaliza ku Marchmont m'mawa, masana ndinadutsiranso kwa agogo aja kukawaonetsa katsegulidwe, poti windo lakuchipinda liyenera kutseguka mosavuta moto utabuka, ndipo manja awo ndi ofooka. Ndinawachititsa okha kanayi, kukankha, kukweza, kutseka, mpaka ndinakhutira. Mathaulo aja anali atawachotsa atawapinda pampando, galasi louma, jekete ili pa hang'ala kuseri kwa chitseko. Anandifunsa ngati angayatse hita ola limodzi lokha madzulo, ndinati yatsani agogo, tsopano kutenthako kukhalitsa m'chipinda muno. Ndinawakumbutsanso kuti azitsegulako windo lakukhitchini akamaphika, ndipo ndalemba m'buku langa kuti ndikaonenso thabwa lakuda lija mu Januwale.