Nthawi ya column si nthawi ya nsomba

Kwa milungu itatu ndakhala ndikuyang'ana ma chromatogram (zithunzi za mzere wokhala ndi nsonga, nsonga iliyonse ikuimira chinthu chimodzi) a mnofu wa nsomba mtima uli m'mwamba, chifukwa nsonga zisanu ndi imodzi zimene makina a HPLC, amene amalekanitsa zinthu zosakanikirana pozidutsitsa mu kachubu kotchedwa column, ankajambula sizinkagwirizana ndi zimene ndinaloweza m'kalasi. Tonse tikudziwa kuti nsomba ikafa, ATP, chinthu chimene chimasunga mphamvu mu mnofu, imasweka n'kukhala ADP, kenako AMP, IMP, inosine, ndipo pomaliza hypoxanthine. Ine ndinkayembekezera kuti nsongazo zizituluka motsatana chomwecho, koma IMP ndi imene inkatsogola, ATP n'kubwera pambuyo pake, ndiponso hypoxanthine inkatuluka inosine isanaoneke. Kawiri konse ndinataya zotsatira zabwinobwino poganiza kuti ndasokoneza ma standard, zitsanzo zodziwika kale zimene timayerekezera nazo nsonga.

Lachinayi madzulo, ndikudikira kuti column itsukike, m'pamene maso ananditseguka. Mphindi zolembedwa m'munsi mwa chromatogram zimanena kutalika kwa nthawi imene chinthu chilichonse chakhala m'kati mwa column, ndipo sizinena kanthu za masiku amene apita nsomba chifereni. Column yathu, ya mtundu wa C18, imagwira zinthu zimene sizikondana ndi madzi, pamene magulu a phosphate, pa pH 7, amakhala ndi charge imene imachititsa kuti buffer, madzi amene amayendetsa zinthu mu column, iwakoke mofulumira. N'chifukwa chake ATP, yokhala ndi ma phosphate atatu, imatuluka ADP isanatuluke, ADP nayo imasiya AMP m'mbuyo, ndipo inosine ndi hypoxanthine, zimene zilibe phosphate n'komwe, zimachedwa. IMP ili ndi phosphate imodzi yokha, koma column siigwira mwamphamvu ngati mmene imagwirira zinzake zokhala ndi adenine. Chimene chinandikhutiritsa kwambiri n'chakuti ukathira tetrabutylammonium mu buffer, ma phosphate aja amagwirana nayo ndipo ATP imayamba kutuluka mochedwa. Nsomba ndi yomweyo, koma ndondomeko ya nsonga yasintha, kusonyeza kuti ndondomekoyo ndi ya column basi.

Nthawi ya nsomba imaoneka pa kukula kwa nsonga, ukayerekeza mnofu wa lero ndi wa mawa ndi wa mkuja. Nsonga ya IMP imakula msanga chifukwa AMP deaminase, enzyme imene imasandutsa AMP kukhala IMP, imagwira ntchito mofulumira, kenako imatsika pang'onopang'ono pamene inosine ndi hypoxanthine zikukwera, koma ukaphatikiza zonse zisanu ndi chimodzi, chiwerengerocho sichisintha kwenikweni. Apa ndi pamene K-value, muyezo wosonyeza ngati nsomba ikadali yabwino, umene Saito ndi anzake anaufotokoza ku Japan mu 1959, inasiya kukhala chinthu chongoloweza. Timatenga inosine ndi hypoxanthine, n'kugawa ndi zonse pamodzi, n'kuchulukitsa ndi 100, ndipo potero tikufunsa funso limodzi lokha: pa zonse zimene zinayamba ngati ATP, ndi gawo lanji limene lafika kumapeto kwa ulendo? Malire a 20 peresenti amene amatchulidwa pa nsomba yodyedwa yaiwisi tsopano ndikuwamva bwino, makamaka pokumbukira kuti IMP ndi imene imakometsa mnofu ndipo hypoxanthine imabweretsa kuwawa.

Ndinene mosabisa kuti kwa ine palibe njira yoposa iyi. TVB-N, muyezo wa zinthu zonunkha monga ammonia, imakwera mabakiteriya atayamba kale kuwononga, mphuno ya munthu imatopa, pamene kuwala kwa 254 nm, kumene makina a HPLC amaonera nsonga, kumaona kusintha nsomba ikadali yooneka bwino. Anzanga amati makinawo ndi odula ndiponso ochedwa, koma ine ndikuona kuti mtengowo ndi woyenera.

Chimene chikundiwawa n'chakuti aphunzitsi athu analemba fomula ya K pa bolodi, natipatsa muyezo wa perchloric acid wa 0.6 M, asidi wotulutsira zinthuzi mu mnofu, ndi KOH woichepetsera mphamvu, koma sanatenge ngakhale mphindi zisanu kufotokoza chifukwa chimene nsonga zimatsatirana motero. Nditafunsa anandiyankha kuti ndiyang'ane ma standard, ndipo ma standard amangokuuza dzina la nsonga. Makina nawo ndi amodzi kalasi yonse, choncho ukalakwitsa umadikira mlungu wathunthu.

Pali chimodzi chimene chikundisowetsabe mtendere. Mu mnofu wa nsomba imene inali itangophedwa ndinapeza ATP yochepa kwambiri, IMP ili kale pamwamba. N'zotheka kuti nsombayo inaphupha kwambiri isanafe n'kutha mphamvu zake, koma n'zothekanso kuti manja anga anachedwa kuuika mnofuwo mu asidi wozizira, ma enzyme n'kupitiriza ntchito ali pa tebulo langa. K-value siisintha kwenikweni pa zifukwa ziwirizi, popeza ATP ndi IMP zonse zili m'munsi mwa fomula, koma chromatogram yokhayo sikundiuza ngati ndinayeza nsomba kapena kuchedwa kwanga, ndipo mpata wina pa makina ndidzaupeza mlungu wamawa.