Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Tsiku lomwe waya wakufa unadzuka

Gawo lathali ndinasiyira pomwe ndinalembedwa ntchito pa kakampani kena kokoka mawaya a magetsi. Lero ndifike pa tsiku lomwe ndakhala ndikulizemba kulilemba.

Munali mu 2022, namondwe wa Ana atangowononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale. Mamegawati pafupifupi 130 anasowa nthawi imodzi, magetsi n'kumangothimathima. Wa golosale, wa bucha, wometa, aliyense anathamangira jenereta.

Tsikulo tinapita kukasintha insuleta yosweka (kachipangizo kotchinga magetsi pomwe waya amagwirira pa pholo) pa laini ya mavoti 11,000. Laini inali itazimitsidwa, pepala la chilolezo lili m'thumba mwa a foromani. Tinayeza ndi ndodo yoyezera magetsi, zii. Chotsala chinali kumanga ma earth, zingwe zija zolumikiza mawaya onse atatu ku nthaka, uku ndi uku kwa pholo. Koma kumwamba kunali kutada bii, mvula ili pafupi.

Amene ankakwera anali achimwene omwe anandiphunzitsa kumanga lamba pa pholo.

"Achimwene, nanga ma earth aja?"

"Iwe, tayeza kale, waya wafa uwu. Ponya sipanala."

Ndinakhala chete. Ndinali wamng'ono pagululo, ndinaopa kuoneka wamwano.

Chomwe sitinkadziwa n'choti pa sitolo ina kumunsi, munthu anali atalumikiza jenereta ku mawaya a m'nyumba popanda swichi yodula laini ya panja. Atangoiliza, mavoti 230 aja anabwerera m'mbuyo kudzera mu thiransifoma. Thiransifoma sisankha mbali: yomwe imatsitsa mphamvu ndi yomwenso imaikweza.

Ndinangomva kuti thaa! Achimwene anali lende pa lamba, mutu utagwera kumbuyo. Ndinathamangira makwerero, a foromani n'kundigwira malaya. "Usakwere! Ukagwidwa nyesi nawenso!" A foromani omwewo anamva kulira kwa jenereta, natuma mnyamata kukaizimitsa. Tinayezanso, tinamanga ma earth, kenako tinawatsitsa ndi chingwe.

Pachikhatho panali kabala kakang'ono ngati ndalama yachitsulo. Ku chipatala cha Queens anatiuza kuti magetsi amawotcha mkati, mnofu umafa khungu likuoneka bwino. Patapita masiku, dzanja lamanja analidula.

Fungo lija sindinaliiwale. Ndipo ma earth aja anali m'galimoto, m'thumba lomwe ndinakweza ndekha m'mawa.

Gawo lotsatira ndifotokoza momwe ndinakafikira pakhomo pa alamu madzulo a tsikulo.