Mmene ndinakanirira m'galimoto ya mpikisano ku Luwinga

Popeza kanema uja wafika kale m'magulu onse a WhatsApp, kuphatikizapo gulu la amayi a kumpingo kwathu limene ine sindili membala wake, ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze ndekha zimene zinachitika Loweruka lija, anthu asanamalize kuthira mchere nkhani yomwe inali yokolera kale. Chinthu chimene mukundiona ndakhalamo si bokosi la maliro, ndiponso si bwato, monga analembera munthu wina amene ndikumudziwa bwino ndipo ali ndi ngongole yanga. Imeneyo ndi galimoto ya mpikisano ya mtundu wa Formula Vee, yokwera munthu mmodzi, yopanda denga, imene matayala ake onse anayi amakhala poyera. Ndifunanso zidziwike kuti sindinkalira. Madzi amene akuoneka kumaso kwanga ndi mvula yowaza ya mwezi wa July, imene aliyense wokhala mu Mzuzu muno amaidziwa.

Amene amandidziwa monga wogulitsa misomali ndi penti sakhulupirira, koma ine ndinapikisanapo pa liwiro la galimoto. Ndinapita ku Johannesburg mu 1994 kukagwira ntchito ya umakaniko, ndipo mwini galaja yathu, amene ankakonda masewerawa kuposa mkazi wake, anandigulitsa galimoto yake yakale pondidula malipiro pang'onopang'ono. Formula Vee inayambitsidwa kuti anthu osalemera nawonso azipikisana, n'chifukwa chake inkapangidwa ndi zipangizo za Volkswagen Beetle, kachikumbu kaja, ndipo injini ya galimoto yanga ndi yozizira ndi mphepo, yopanda radiyeta. Musaipeputse, pakuti Niki Lauda, Emerson Fittipaldi ndi Keke Rosberg anadutsa m'galimoto zotere asanakhale akatswiri a dziko lonse a Formula One, mpikisano wapamwamba koposa wa liwiro la galimoto. Ine ndinathamanga pa mabwalo a Zwartkops ndi Kyalami mpaka mu 2001, ndipo tsiku langa labwino koposa ndinamaliza pa nambala 7, ngakhale adani anga amakonda kufunsa kuti opikisana tinalipo angati. Pobwerera kumudzi ndinaikweza pa thiraki, ndipo yakhala m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba yanga kwa zaka zoposa 20, ikusunga matumba a chimanga.

Mnzanga wina wa ku Pretoria atandilembera kuti akukonza zokumananso ndi anzathu akale pa bwalo, ndinaona kuti ndiyambe ndayeserera kuno. Mphwanga anatsuka kabuleta, tinasintha mapulagi, tinabwereka batire, ndipo alamu anga anavomera kuti tigwiritse ntchito bwalo lawo la matabwa ku Luwinga, kumene mathiraki ochokera ku Chikangawa amatsitsira katundu. Chovala changa cha mpikisano chinandichenjeza m'mawa womwewo, chifukwa zipi inafika pamchombo n'kukana kupitirira, koma ndinaganiza kuti ndi dzimbiri. Ndinachivala pamwamba pa buluku chifukwa kunkazizira. Chisoti nacho chinali ndi mavuto ake, pakuti siponji ya m'kati inkanyenyeka ngati buledi wogona masiku anayi, ndipo tinayamba tachotsamo nyumba ya mavu.

Polowa m'galimoto yotere munthu amaima pampando, n'kutsetsereketsa miyendo pansi pa chiwongolero mpaka atagona chagada pang'ono, matako ali pafupi kukhudza nthaka. Mu 2001 ndinkalemera makilogalamu 61 ndipo ndinkalowamo ngati dzanja m'thumba. Loweruka lija ndinatsika bwinobwino mpaka m'chiuno, ndinaima pamenepo, kenako ndinapuma mpweya wonse n'kudzikankha, ndipo ndinagwera m'katimo ndi phokoso limene mphwanga akuti analimva ali kuchipata. Ndinazungulira milu ya matabwa katatu, ndipo pano ndikupempha kuti mundikhulupirire, popeza palibe amene anajambula mbali imeneyi. Ndinakhota bwino kwambiri. Dzanja linakumbukira lokha pamene pali giya, phazi linadziwa nthawi yoponda mabuleki, ndipo kulira kwa injini kunadzutsa agalu onse a ku Chiputula. Pa ulendo wachitatu petulo anatha, galimoto inaima pafupi ndi alamu anga, ndipo ine ndinamasula malamba, ndinagwira zitsulo za m'mbali kuti ndidzuke monga katswiri, koma thupi silinasunthe ngakhale pang'ono.

Mu Formula One muli lamulo lakuti woyendetsa azitha kutuluka m'galimoto m'masekondi ochepa, ndipo kwa zaka zambiri anali masekondi 5, kenako anawonjezera kufika pa 7 m'chaka cha 2018. Ine ndinatenga maola 2 ndi mphindi 40.

Ndinafotokozera anthu amene anayamba kusonkhana kuti chitsulo chimafupika chikazizidwa, zimene mwana aliyense wa sekondale amadziwa, ndipo galimoto imene yapirira chisanu cha ku Mzuzu kwa zaka zonsezi siingakhale yotakata monga inalili ku South Africa. Alamu anga anamvetsera mwaulemu, kenako anati, "Zoona alamu, koma chitsulocho sichinadyeko kondowole ndi batala, ndiye tisachinamizire." Anaitana anyamata anayi onyamula matabwa, amene anandigwira awiri mkono uno, awiri mkono winawo, n'kuwerenga mpaka katatu. Chimene chinanyamuka ndi galimoto yonse, ine ndili momwemo, matayala akutsogolo akuzungulira m'malere. Anatibweza pansi, anapukuta manja, ndipo mmodzi anandifunsa mwachifundo kuti, "Bwana, kodi munalowa muli mwana?"

Nzeru ya mafuta inachokera kwa mayi wina wokazinga mandasi pachipata, amene anabwera ndi chiwaya chake n'kunena kuti mwana wake atakanirira mutu mumphika anamuchotsa motero. Tinayamba takambirana mtengo, ine ndikunenerera kuchokera pansi, chikwama cha ndalama chili kunsi kwa thupi langa kumene ngakhale ine mwini wake sindikanafikako. Atavomera za ngongole, anatsegula kolala ya chovala changa n'kuyamba kuthira. Mafutawo anali akadali ofunda. Ndinawamva akutsika pakhosi, akudutsa pakati pa mapewa, akutsata msana mosafulumira ngati munthu wodziwa njira, akuima pang'ono pa lamba wa buluku ngati akuodira, kenako n'kulowa. Tizidutswa ta mandasi topserera tinapita nawo limodzi, ndipo kamodzi kanakhazikika pamalo amene sindingawatchule pamaso pa amayi a kumpingo. Pa nthawi yomweyo foni yanga, imene inali m'thumba la kumanja, inayamba kunjenjemera pa fupa la m'chiuno, ndipo inatero maulendo 11. Galu wa mlonda anabwera, ananunkhiza, n'kuyamba kundinyambita khosi mwakhama, ine manja ali m'mwamba m'manja mwa anyamata aja. Anakokanso, koma tsopano ndinkangoterereka m'manja mwawo ngati mlamba, pamene m'chiuno munali mmene munalili.

Chiwongolero cha galimoto za mpikisano za masiku ano chimachoka ndi dzanja limodzi, koma changa n'chomanga ndi nati imene inachita dzimbiri kalekale, choncho tinagwirizana zopita kwa wowotcherera zitsulo amene ali chapafupi kuti akadule chitsulo chimodzi cha m'mbali. Apa ndi pamene kanema wanu akuyambira. Anyamata anakankha galimoto kutuluka pachipata, ine ndikuwongolera, alamu anga ali patsogolo ndi ambulera, mayi wa mandasi ali pambuyo kulondola ngongole yake, ndipo kumbuyo kwake kunali khamu la anthu pafupifupi 60 loyenda mwakachetechete chifukwa cha mvula. Ndinatseka galasi la chisoti kuti ndisadziwike, ndikuiwala kuti dzina langa linalembedwa pachisotipo ndi zilembo zikuluzikulu, pamodzi ndi gulu la magazi anga.

Wakabaza wina, atanyamula matumba atatu a makala, anaimba belu kumbuyo kwathu n'kutipitirira. Pa bwalo la mpikisano, galimoto yothamanga kwambiri ikamakuyandikira amakuonetsa mbendera ya buluu kuti uipatse njira, ndipo ine, pokhala munthu wolemekeza malamulo, ndinakhotera kumanzere n'kumusiya adutse. Sindikuona chifukwa chake anthu akuseka pamenepa.

Chimene sindidzaiwala ndi mkulu wina amene ankachokera kutsogolo pa njinga yake. Ataona chinthu chachitali, chopapatiza, chikukankhidwa pang'onopang'ono ndi khamu la anthu a nkhope zakugwa, anatsika panjinga, anavula chipewa, n'kuima m'mbali mwa msewu atazolika, monga amachitira munthu aliyense woleredwa bwino. Amayi awiri ogulitsa nthochi anaimirira n'kumanga bwino zitenje zawo, ndipo mmodzi anayamba kung'ung'udza nyimbo ya chitonthozo. Tinayandikira, tinafika pamene panali mkuluyo, ndipo ndinaona milomo yake ikuyenda popempherera mzimu wanga. Ndinalingalira kwa nthawi yaitali ngati kunali koyenera kungokhala chete n'kudutsa monga malemu, zimene zikanasunga ulemu wa tonse, koma makolo anga anandiphunzitsa kuti munthu wamkulu akakuvulira chipewa umayankha. Ndinatembenuza mutu, ndinatsegula galasi, n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri, bambo." Njinga yake inatsala pomwepo. Ngati pali wina amene akumudziwa, amuuze kuti ili ku bwalo la matabwa ndipo palibe amene waikwera.

Titafika kwa wowotcherera, anayang'ana chitsulocho, anayang'ana ine, analumikiza makina ake odulira, ndipo magetsi anazima nthawi yomweyo. Anapita kukafuna sowo ya pamanja. Ndili chidikirire, makapu atatu a khofi amene ndinamwa m'mawa kuti ndikhale watcheru anayamba kufuna njira yawo, ndipo za zimenezi sindinena zambiri kupatula kuti ndinapirira monga mwamuna.

Kenako khamu linapatuka lokha, ndipo ndinaona nsapato zimene ndimazidziwa, za mayi a kunyumba. Mphwanga, amene ndinamulipirira sukulu kuyambira fomu 1, ndi amene anawaimbira foni. Mayi a kunyumba anaima pambali pa tayala la kutsogolo, anandiyang'ana kuyambira kuchisoti mpaka pamene thupi langa linathera m'galimoto, ndipo sanafunse ngati ndavulala. Anati, "Abambo, ndakuimbirani maulendo 11. Makiyi a kushopu ali kuti? Anyamata ali pakhonde kuyambira m'mawa." Ndinayankha kuti ali pa lamba wa buluku, ndipo sangapezeke kufikira chitsulo chitadulidwa. Iwo anapatsa alamu anga chikwama chawo, anapinda mkono wa juzi, analowetsa dzanja m'mafuta muja kudzera pamene zipi inakanira, anafufuza kwa kanthawi nkhope yawo ili kumbali ngati mzamba, ndipo tinamva kulira kwa zitsulo. Mulu wa makiyi 14 unali utatupitsa chovala n'kukola kunsi kwa chitsulo cha m'mbali ngati mbedza. Atauchotsa, anyamata awiri okha anakoka, ndipo ndinatuluka ndi phokoso longa la chitsekerero cha botolo la thobwa wosasa, nsapato imodzi n'kutsalira pa kulachi.

Choncho amene mukulemba kuti vuto linali mimba mukulakwitsa, popeza umboni wa makiyi unaoneka ndi anthu 60. N'zoona kuti sikelo ya pa bwalo la matabwa inasonyeza makilogalamu 94, koma sikelo imeneyo ndi yoyezera katundu, ndipo ndinali nditanyowa ndi mvula ndi malita awiri a mafuta. Alamu anga akuti ngakhale makiyi atachoka panafunikabe anthu awiri, koma iwo sanakhalepo m'galimoto ya mpikisano, ndipo maganizo awo pa nkhani imeneyi ndi a munthu wogulitsa matabwa.

Galimoto inabwerera m'kanyumba kake madzulo omwewo. Kiyi wa kanyumbako anali m'gulu la makiyi 14 aja, ndipo pamene mayi a kunyumba ankandibwezera mulu wonse Lolemba, ndinawerenga n'kupeza 13. Sindinafunsebe. Mnzanga wa ku Pretoria anandilembera dzulo kuti kanemayo wamufika kudzera kwa munthu wa ku Lilongwe, ndipo akufunsa ngati ndikupitabe. Ndamuyankha kuti ndikuona kaye za nsapato ija, chifukwa ikadali pa kulachi, komanso mayi wa mandasi akuti mtengo umene tinapangana unali wa mafuta okha, chiwaya chimene galu anagubuduza ndi nkhani ina.