Loweruka ku Nchalo: takangana chifukwa cha mnyamata wa zisudzo

Kwatentha lero monga mmene Okutobala amachitira kuno kuchigwa. Ndinalawira kumsika kukagula nsomba ndi tomato, ndipo pobwerera malata anali atayamba kale kuthetheka. Chakumasana alamu anga anatulukira kuchokera ku Ngabu ndi mwana wawo wamkazi amene ali Fomu 3. Titadya, mtsikanayo anaumirira kuti tipite ku vidiyo sho ya kuseri kwa msika. Sabata ino kulibe mpira wa ligi ya ku England, ndiye mwini wake analemba pa bolodi kuti aonetsa filimu yachikondi yoseketsa, yomasuliridwa m'Chichewa.

Filimuyo ndi ya ku America, koma si ya makampani akuluakulu a ku Hollywood aja. Ndi imodzi mwa zimene anthu ochepa amasonkherana ndalama n'kujambula okha, ndipo zimenezi zimaonekeratu: ochita sewero ndi owerengeka, chipinda n'chomwecho, msewu ndi womwewo, palibe galimoto yophulika ngakhale imodzi. Nkhani yake ndi ya mnyamata wa ku Los Angeles amene mtima wake wonse uli pa zisudzo. Usiku amanyamula mbale mu lesitilanti, masana amayendayenda kokayesedwa kuti mwina am'patse mbali mu filimu, ndipo kulikonse yankho ndi limodzi: tidzakuimbirani. Foni siilira. Kenako akumana ndi namwino wogwira ntchito usiku, amene tsiku loyamba anamuona atavala chovala cha nkhuku pamsewu akugawa timapepala totsatsa malonda. Womasulira uja anathirapo zakezake, ngongole ya mnyamatayo anaitcha katapila, ndipo penapake anamulankhulitsa Chisena pochonderera landilodi. Anthu anaseka mpaka benchi ya kutsogolo inapendama.

Mapeto ake ndiwo anabutsa nkhani. Mnyamatayo satchuka. Apeza kambali kakang'ono m'sewero la muholo yaing'ono, anthu obwera ndi ochepa, namwinoyo wakhala pamzere wachiwiri atavala yunifolomu chifukwa akuchokera kuntchito, filimu n'kuthera pomwepo.

Titatuluka tinakhala pansi pa mtengo wa nimu podikira kuti dzuwa lipepe, ndipo palibe amene anafulumira kuchoka. Anyamata akabaza anayamba ndi kudandaula kuti ndalama yawo yapita pachabe. Wina anati filimu yachikondi imafunika ithere paukwati, mnyamata atalemera, adani ake akuchita manyazi. Mnzake anafunsa funso limene linaseketsa onse: "Wosauka wanji ali ndi galimoto ndi filiji?" Funsoli ndinalimva, chifukwa kwa munthu amene amapalasa njinga kuchokera pa Nchalo mpaka kumidzi ya m'mphepete mwa Shire dzuwa lili pamutu, umphawi wa mu filimuyo ukuoneka ngati masewera. Ndinangomuuza kuti Los Angeles ndi mzinda wotambalala kwambiri moti ambiri amadalira galimoto kuti afike kuntchito, ndiye chigalimoto chakutha chija kwa mnyamata wa mu filimuyo ndi chimodzimodzi njinga kwa wakabaza. Anagwedeza mutu koma sanakhutire.

Amene analankhula molemera anali bambo wina wachikulire wodula nzimbe ku esiteti. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Aphunzitsi, inu mumaphunzitsa ana. Mwamuna wamkulu ngati uja, manja ali bwinobwino, n'kumavala nkhuku? Kwathu kuno akanalowola ndi chiyani? Akuchikazi akanamufunsa za ng'ombe, iye n'kuyankha kuti akudikira foni?" Kwa iwo mnyamatayo ndi mlesi amene wapeza mkazi wapantchito woti azimudyetsa, ndipo filimu yotere imaononga atsikana.

Alamu anga sanalole. "Bambo, mwina simunaonetsetse. Mtsikana uja si chitsiru ayi. Anamuuza maso ndi maso kuti lendi tigawana pakati, ukalephera ubwerere kwa anzako. Ndalama zake sanamupatse kuti asunge. Ine ndikanakonda ana athu atamalankhula choncho asanalowe m'banja." Amayi awiri ogulitsa thobwa anavomereza mokweza. Mmodzi anawonjezera kuti amuna ambiri amene amabwera ndi ng'ombe zawo sanayambe atsukapo mbale, pamene mnyamata uja ankachoka kuntchito pakati pa usiku n'kukaphikira mkaziyo kuti akafika m'mawa apeze chakudya. Bambo aja anangoti, "Chakudya chogula ndi ndalama ya ndani?" Apa panabuka phokoso, aliyense akulankhula nthawi imodzi.

Ine mbali yanga ndi iyi, ndipo ndinainena pomwepo. Mnyamata uja si mlesi. Amagwira ntchito ziwiri, imodzi yomulipira, ina yosamulipira, ndipo filimuyi yandigwira mtima chifukwa sinaname kuti yachiwiriyo imathera pa chuma. Ife timaona nkhope zochepa zotchuka n'kumaganiza kuti onse ochita mafilimu ku America ndi mabwana. Mu 2023 bungwe lawo la SAG-AFTRA, lomwe lili ndi mamembala pafupifupi 160,000, linanyanyala ntchito kuyambira mu Julaye mpaka mu Novembala, ndipo imodzi mwa nkhani zimene zinamveka kwambiri nthawi imeneyo inali yakuti ambiri mwa iwo sapeza ngakhale ndalama zokwanira kuti alowe pa inshuwalansi ya chipatala ya bungwe lawo lomwe. Ambiri amakhala ngati mnyamata wa mu filimuyi, mbale kumanja, mapepala a sewero m'thumba.

Ndinafunsanso bambo aja ngati ankawakonda Izeki ndi Jakobo. Nkhope yawo inamasuka, anayamba kusimba okha mmene ankasekera. John Nyanga (Izeki) anatisiya mu 2016, Eric Mabedi (Jakobo) mu 2021, koma mpaka lero mayina awo a pasiteji akangotchulidwa munthu amamwetulira. Du Chisiza Jr. ndi gulu lake la Wakhumbata ankadzaza maholo, ndipo anafika pokhala nduna ya boma. Anthu amenewa sanabadwe ali otchuka. Panali nthawi imene aliyense wa iwo anali mnyamata chabe woyeserera sewero, wopanda chotsimikizira kuti zidzamuyendera. Timakonda kukolola chiseko, koma amene akuchilima timamutcha wosowa chochita.

Ndipo tisapite kutali. Namondwe Freddy atawononga mu Malichi 2023, pamene kolera inali ikuvutanso m'dziko muno, ndinaona ndi maso anga achinyamata a m'midzi yathu akuchita timasewero m'misasa ya anthu othawa madzi, za kusamba m'manja, za zimbudzi, za kuteteza atsikana usiku. Anthu amene sakanakhala pansi kumvera munthu wa chimkuzamawu ankaunjikana n'kumvetsera mpaka kumapeto. Ana amenewo ambiri ankabwerera ndi botolo la chakumwa ndi ya thiransipoti basi. Ndimawadziwa ena mwa iwo, anadutsa m'manja mwanga ku kalabu ya zisudzo kusukulu. Wina tsopano amagulitsa mayunitsi, wina amaweta mbuzi za amalume ake, koma mukawaitana kuti kuli sewero amasiya zonse n'kuthamanga. Poonera filimu ija ndinkaona iwowo.

Sikuti filimuyo ilibe zofooka. Pakati inakoka kwambiri, makamaka pamene awiriwo anayambana pa nkhani yaing'ono imene anthu akuluakulu akanaithetsa ndi mawu awiri. Komanso makolo a mtsikanayo sanaoneke n'komwe, ngati kuti anthu amangomera okha. Pamenepa ndikugwirizana ndi bambo aja: kuno chikondi sichikhala cha anthu awiri okha, kaya ndi kwa Asena kumene amalowola, kaya ndi kwa Amang'anja kumene mkamwini amayesedwa ndi khasu. Funso lawo lakuti banjalo lidzadya chiyani ndi funso loona, ndipo filimuyo inaliyankha theka lokha.

Mtsikana wa Fomu 3 uja anakhala chete nthawi yonseyi. Tikupita kokakwera minibasi ndi pamene anati iye anakonda mapeto aja kuposa china chilichonse, chifukwa namwinoyo anabwera kudzaonera ngakhale anali atatopa, ndipo mnyamatayo anachita sewero lake ndi mphamvu zonse pamaso pa mipando yopanda anthu. Kenako anauza mayi ake kuti akufuna kulowa kalabu ya zisudzo kusukulu kwawo. Alamu anga, omwe aja ankateteza filimu pansi pa nimu, anaima n'kunena kuti, "Iwe, MSCE kaye." Anakangana mpaka pa siteji. Agwirizana kuti alowa teremu ino, koma masamu akatsika asiya, ndipo ine ndapatsidwa ntchito yoona lipoti lake mu Disembala.