Kachomera kanga kamchere ndi maluwa a madamu

Mpaka lero pakhomo pathu mawu oti mchere ndimawatchula monong'ona, ndipo chifukwa chake ndi ichi.

Tinapita kunyanja yamchere kukapitidwa mphepo, ine ndi chidwi changachi ndinawasiya anzanga akusambira nkulowera kumene kuli mitengo ya mangrove, ija imamera m'matope mizu ina itatulukira kumtunda ngati mapensulo kuti izipuma. Cham'mphepete mwake munali kachomera kena katayala pansi ngati mphasa, tsinde lofiirira, timasamba tonenepa tonyezimira ngati atidzoza mafuta, ndi timaluwa tapinki ta nsonga 5. Mkulu amene amationetsa malo anati dzina lake ndi Sesuvium portulacastrum. Ndathyola tsamba limodzi, kulifinya, madzi okhaokha. Ndati eee madzi aulere awa, ndadzaza dzanja ndaponya mkamwa.

Abale inu. Nkhope inachita kukwinyika yokha, misozi mbwee, mkulu uja akungofa nalo phwete. Atamaliza kuseka ndi pomwe anandifotokozera kuti kachomeraka kamamwa madzi amchere omwewo koma mcherewo kamautsekera m'timatumba ta m'kati mwa maselo ake kuti usawononge zinthu, nkumasunganso madzi ambiri kuti usungunuke, nchifukwa chake masamba ali onenepa choncho. Ndipo mchere uli m'thupimo ndi umene umakathandiza kukoka madzi pamalo poti chomera wamba chikanafa ndi ludzu chili m'madzi momwemo.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinathyola kanthambi nkuika m'thumba.

Kufika kunyumba ndakabzala m'chitini, sikanavute nkomwe poti kamatulutsa mizu pa mfundo iliyonse imene yakhudza dothi. Ndiye ndinayamba kukamvera chisoni kuti kakusowa kwawo. Ndafufuza pa intaneti, ndapeza kuti lita imodzi ya madzi a m'nyanja imakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35, kheni yathu ndi ya malita 10, masamu osavuta, magalamu 350. Ndalowa kukhitchini mozemba, ndakhuthula mchere wa m'botolo, ndatakasa bwinobwino ndi kamtengo, ndathirira kachomera kanga kapu imodzi yokha basi, foni yalira, kheni ija ndaisiya pakhonde yodzadza.

Madamu ali ndi maluwa awo m'miphika pakhonde pomwepo, amawasamala kuposa momwe amandisamalira ine, izi ndikunena mopanda nsanje. Madzulo apeza kheni yodzadza kale, mpaka anandithokoza kuti lero mwaganiza bwino bambo. Ine osatolera, ndangoti zikomo mayi, nkudzimva kuti ndine mwamuna wothandiza.

Kutacha maluwa onse ali zyolizyoli. Dothi lonyowa bwinobwino koma masamba afota ngati akhala mwezi osathiriridwa, paja mchere ukachuluka m'dothi madzi amatuluka m'mizu m'malo molowa. Iwo kuona choncho akuti mwina madzi anachepa, atenga kheni yomwe ija awonjezera yotsalayo kkkk. Ine ndinali nditazindikira tsopano koma pakamwa panauma, ndangoima ngati chipilala. Tsiku lachitatu pamwamba pa dothi payera mbuu, iwo atola pang'ono ndi chala, alawa, atembenuka pang'onopang'ono kundiyang'ana, kenako ayang'ana chitini changa. Ndipo kachomera kopanda manyazi kaja kanasankha tsiku lomwelo kutulutsa duwa lake loyamba, kali phuu pakati pa mitembo ya anzake.

"Bambo, mchere wa m'botolo muja uli kuti?"

Ndinayesa kudziteteza ndithu. Ndati mayi kachomeraka nkosokoneza, ngakhale Linnaeus katswiri weniweni wa zomera anayamba wakaika m'gulu la Portulaca mu 1753 kenako nkudzakasamutsira ku Sesuvium mu 1759, nanga ine ndine ndani. Anangofunsa kuti a Linnaeus akowo anapha maluwa a ndani.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndinachiwerenga usiku womwewo ndili pa sofa pomwe ananditumiza kukagona: kachomeraka kamapirira mchere inde, koma kamameranso ndi madzi wamba a pampopi. Panalibe chifukwa chothira ngakhale kasupuni kamodzi.

Pano ndagula kheni yachiwiri, iwo alembapo dzina lawo ndi penti yofiira. Kanga kaja kakula, kayamba kuyanga kutuluka m'chitini kulowera kumene kuli miphika yatsopano, ndipo m'mawa uliwonse ndimadzuka msanga kukakabweza madamu asanaone.