Mawa la Postfix

A pabanja pathu atandisankha kukhala mlembi wa komiti yokonzekera ukwati wa mlongo wanga, ndinaona kuti mwayi woonetsa luso langa wapezeka, chifukwa ndinali nditangokhazikitsa kumene seva ya imelo pa kakompyuta ka Raspberry Pi kamene kamakhala pamwamba pa kabati ya mbale. Ndinaikamo Postfix, pulogalamu yotumiza makalata a imelo, ndinakonza SPF ndi DKIM, njira zotsimikizira kumene kalata yachokera, kuti maseva ena asandiyese wakuba, ndipo Lachisanu ndinalembera achibale onse kuti, “Msonkhano uli mawa nthawi ya 2 koloko masana kwathu.”

Loweruka mayi anakonza ndowa ya thobwa, ine ndinandandalika mipando pabwalo, koma sipanaoneke ngakhale munthu mmodzi. Mayi anayamba kutchula mayina a achibale amene akhala akutichitira nsanje kuyambira kale, ndipo mndandandawo unali wautali modabwitsa.

Nditafufuza m’kakompyuta kaja ndinapeza kuti makalata onse anali adakali m’nyumba momwemo. Maseva amapatsirana makalata kudzera pa port 25, ndipo makampani ambiri a intaneti amatseka khomo limeneli kwa makasitomala a m’nyumba, poopa makompyuta ogwidwa ndi mavairasi amene amamwaza makalata achinyengo. Kampani imene imandipatsa intaneti inandiuzanso kuti adiresi yanga ya IP, nambala yondizindikiritsa pa intaneti, imasinthasintha ndipo ilibe PTR, chizindikiro chimene maseva akuluakulu amafuna asanalandire kalata, choncho ngakhale khomo likanakhala lotsegula makalatawo akanabwezedwa. Ndinalipira ndalama za makasitomala a bizinesi, ndipo Lachiwiri m’mawa anandipatsa adiresi yokhazikika n’kutsegula khomolo.

Koma Postfix ndi wopirira ngati wobwereketsa ndalama za katapila. Kalata ikalephera kutuluka amaisunga pamzere n’kumayesabe mpaka masiku 5, ndipo masikuwo anali asanathe. Khomo litangotseguka, iye anatumiza zonse mokhulupirika, osasintha ngakhale liwu limodzi.

Lachitatu nthawi ya 2 koloko, ine ndili kuntchito, amalume anandiimbira foni. Iwo anali atapempha tchuthi, atavala suti, ndipo anali ataima pageti pamodzi ndi azakhali awiri, a kuchimuna, ndi msungichuma amene ananyamula buku la zopereka, pamene mayi anali atapita kuchigayo ndi kiyi.

“Iwe mphwanga, kalata yako yati mawa, ndipo mawa lake ndi lero,” anatero amalume. “Tikhale pansi pa mtengo kapena tidumphe mpanda?”