Sabata ya pa khoma la Cairo

Sabata yathayi anatituma ku Cairo, kamzinda ka kumapeto kwenikweni kwa chigawo cha Illinois ku America, pamene mtsinje wa Ohio umathira mu Mississippi. Ndine injiniya wa zamadzi, ndipo ntchito yathu inali kuyendera makoma otchinga madzi ndi mapampu mitsinje isanadzaze, chifukwa kuno madzi amakwera chakumayambiriro kwa chaka, chipale chikamasungunuka kumpoto.

Lolemba lonse tinali pakhoma la konkire la mbali ya Ohio. Cairo ndi malo otsika, ndipo mitsinje iwiriyi ikadzaza, madzi amayenda pamwamba kuposa misewu ya mumzinda. Mvula ikagwa mkati ilibe kotulukira, mpaka mapampu aiponye kunja. Kumpoto kuli chitseko chachitsulo cha mu 1914, chopachikidwa pamwamba pa msewu wolowera, choti chikatsitsidwa mzinda wonse umasanduka chilumba. Ine ndinayenda ndi nyundo, kugogoda konkire ndi kumvera pamene pakulira ngati mkati muli mphako. Ndi ntchito yotopetsa makutu, koma siinama.

Lachiwiri ndi Lachitatu tinatsikira kuseri kwa mitumbira yadothi yotchinga madzi kukafuna malo amene madzi amabumira. Mtsinje ukadzaza umakankha madzi pansi pa mtumbira, n'kukatulukira mkati ngati kasupe. Madziwo akamatuluka oyera, sitida nkhawa kwambiri. Akamatuluka ndi mchenga, ndiye kuti akukumba maziko. Mankhwala ake si kutseka dzenjelo ayi, chifukwa likatsekedwa limakaphulikira pena. Timalizinga ndi matumba a mchenga kuti madzi aime m'katimo, kulemera kwake kuchepetse liwiro. Bambo wina wachikulire wa kumapampu, amene analipo mu 2011, anandionetsa pamene panabuma dzenje lalikulu chaka chimenecho. "Mwana wanga," anatero, "usiku umenewo palibe amene anavula nsapato."

Chaka chimenecho Ohio anafika mafiti 61.7 pa muyeso wa Cairo, kupitirira mafiti 59.5 a mu 1937, pamene khoma linamangidwa kuti lipirire mafiti 64. Anthu anauzidwa kuti asamuke. Usiku wa pa 2 Meyi, Army Corps of Engineers, nthambi ya mainjiniya a asilikali a America, inaphulitsa mtumbira wa Birds Point kutsidya, ku Missouri, kuti madzi apeze kolowera. Maekala pafupifupi 130,000 a minda anamira. Boma la Missouri linali litathamangira kukhoti kuti liletse, mpaka ku Supreme Court, khoti lalikulu la dzikolo, koma silinaphule kanthu. Mpaka lero mukamacheza ndi anthu a ku Cairo amakumbukira bwino kuti kunali ena amene ankafunsa poyera ngati kamzinda kosauka, kodzala anthu akuda, kali kofunika kuposa minda ya chimanga ndi soya.

Mawu amenewa ndinawamvetsa Lachinayi, mvula itatilepheretsa ntchito. Ndinayenda wapansi mu Commercial Avenue. Msewu ndi wotakata, wa mzinda waukulu, koma mbali zonse ndi mabwalo a udzu pamene kale panali masitolo. Mu 1920 kuno kunali anthu oposa 15,000. Kalembera wa 2020 anapeza 1,733. Wochokera ku Lower Shire ngati ine sangalephere kukumbukira Chiromo, pamene Ruo amakumana ndi Shire, malo amene anali pa mphambano ya zombo ndi njanji kenako n'kusiyidwa. Kusiyana kwake n'kwakuti Chiromo anagonja ndi madzi, pamene Cairo madzi sanamulowe ngakhale mu 1937.

Chuma cha Cairo chinali pa kuwolotsa. Katundu ankatsika m'sitima, n'kukwera zombo, ndipo aliyense wodutsa ankasiya kangachepe. Nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku America, mu 1861, mkulu wa asilikali Ulysses S. Grant anaika likulu lake pano. Custom House, nyumba ya msonkho wa katundu ya mu 1872, ikadalipo, ndi nyumba yosungiramo zakale tsopano, komanso Magnolia Manor, nyumba ya wamalonda wina wa ufa. Kenako kunabwera milatho: wa njanji mu 1889, wa magalimoto pa Mississippi mu 1929, pa Ohio mu 1937, ndipo msewu waukulu wa Interstate 57 unadzalambalala mzinda. Ife mainjiniya timanyadira milatho, koma mlatho uliwonse apa unachotsa chifukwa choti munthu aime.

Komabe milatho yokha siikanatha mzinda chonchi. Amayi ena amene ndinawapeza ku laibulale yakale ya Safford, akusanja zithunzi, sanazungulire. Anandiuza za William James, munthu wakuda amene gulu la anthu linamupachika pakati pa mzinda mu 1909. Anandiuza za Robert Hunt, msilikali wachinyamata wakuda amene anapezeka atafa m'chitokosi cha apolisi mu 1967, apolisi n'kunena kuti wadzimangirira, anthu akuda osakhulupirira. Mu 1969 bungwe la United Front, lotsogozedwa ndi M'busa Charles Koen, linayamba kunyanyala masitolo a azungu amene ankakana kulemba ntchito anthu akuda. Kunyanyalako kunatenga zaka. Eni masitolo ambiri anasankha kutseka n'kuchoka kusiyana ndi kulemba munthu wakuda pa kauntala. Chipatala chinatsekedwa mu 1986. Mu 2017 boma linalengeza kuti nyumba za boma za anthu osauka za Elmwood ndi McBride, zomwe zinasiyidwa mpaka kuwola, zigwetsedwa, ndipo mabanja ambiri anapita kumizinda ina pamodzi ndi ana awo a sukulu.

Ndinawafunsa kuti, "Nanga inu amayi, mukudikira chiyani kuno?" Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Tchalitchi chawo chili pano, anatero, ndipo mu 2023 anthu anasonkha mphamvu n'kutsegula golosale yawoyawo, patatha zaka zingapo akuyenda mtunda wautali kukagula ngakhale kabichi. Sukulu ikadalipo, ndipo timu yake ya basketball ikamasewera, amene anasamuka amabwerera kudzaonera.

Lachisanu ndinalemba lipoti. Khoma ndi lolimba, mitumbira ikusowa zigamba zingapo. Vuto lili pa mapampu ndi mapaipi akale a pansi pa misewu, amene akabowoka amakoka dothi mpaka msewu kutitimira. Zimenezi zimafuna ndalama za mzinda, ndipo msonkho wa anthu osakwana 2,000 sungasamale mapaipi amene anakumbiridwa anthu 15,000. Pa fomu yathu palibe malo olembapo zimenezo, choncho ndinaziika pa tsamba lowonjezera, ndipo abwana anga anati tikakambirana Lolemba ngati tsambalo lipite kapena litsale.